Hilux ndi D-Max zamagetsi: mipando ndi bodi zikhale zotani?

Dalaiva wa M1: Akuluakulu, nkhani ya Hilux yamagetsi mwaimva. Polengeza mu Novembala 2025, a Toyota anatchula batire la 59.2 kWh (kWh ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga), mtunda wa makilomita pafupifupi 240 ikatchajidwa kamodzi, katundu wa makilogalamu pafupifupi 715, ndi kukoka telela ya makilogalamu 1,600. A Isuzu anawatsogolera mu Epulo chaka chomwecho ndi D-Max EV: batire la 66.9 kWh, makilomita 263, katundu wopyola pang'ono tani imodzi, kukoka 3,500. Za kotchajira tizisiye kaye. Funso langa ndi ili: galimoto zimenezi zikadzayamba kufika kuno, m'kati mukhale motani ndipo kumbuyo kukhale zotani kuti munthu anene kuti wagula pikapu yantchito? Changa choyamba ndi mpando wa dalaiva. Pokhalira pakhale pataliko, masentimita 50 kapena kupyola pang'ono, kuti ntchafu zigone zonse, ndipo pakati pa mlomo wa mpando ndi kuseri kwa bondo pazitsala zala ziwiri kapena zitatu. Mpando waufupi umasiya thupi lonse likulemera pa matako okha, pofika pa Ntcheu mwendo wakumanja wachita dzanzi. Kutsogolo kwa pokhalira kuzikwera ndi kutsika pakokha. Chiwongolero nacho chizikokeka kubwera pachifuwa, osangoti m'mwamba ndi pansi, chifukwa munthu wamtali akakankhira mpando kumbuyo kuti miyendo ipeze malo, amayendetsa atachotsa mapewa pachotsamira. Khosi limayambira pamenepo kupweteka.

Makaniko wa ku Biwi: Achimwene, tisanalembe zofuna zathu tiwerengere kaye 715 mwatchulayo, chifukwa ambiri amayesa kuti ndi katundu wa pabodi pokha. Nambala imeneyo imawerengera chilichonse chimene mwakweza: anthu, zikwama, kanope, zitsulo zowonjezera. Tiyerekeze anthu 5 a makilogalamu 75 aliyense, ndiye kuti 375 yapita, kwatsala 340. Ikani kanope ya 80, labala wa m'bodi 30, chitsulo chakutsogolo 40, kwatsala 190. Matumba a chimanga a 50 ndi atatu basi, lachinayi mwapyola malire. Pa D-Max masamu omwewo akusiyirani matumba 9. Makampani ena amachotseratu kulemera kwa dalaiva asanalembe nambalayo, ena ayi, ndiye muziyang'ana m'buku la galimotoyo. Batire latenga kale makilogalamu mazana angapo, choncho chilichonse chokometsera m'kati chikulipiridwa ndi katundu wa kumbuyo. Mamota osunthira mipando ali m'gulu lomwelo.

Dalaiva wa M1: Ndiye mamota asakhalepo, akulu. Zonse ndatchulazo zimatheka ndi handulo ndi kagudumu kopota ndi dzanja. Komanso njanji za mpando wamagetsi zikalowa mchenga, mota imalira koma mpando osasuntha, pamene wa handulo umangofuna kupukuta ndi girisi pang'ono. Chokhacho ndingalole chikhale chamagetsi ndi chokankhira msana cha m'chiuno, poti ndi kathumba ka mpweya ndi kapampu kakang'ono, sikalemera kanthu.

Nabanda: Abambo, mwayamba ndi mpando wanu, koma ovutika mu double cab ndi akumbuyo. Chotsamira chimakhala chilili, pokhalira pali pafupi ndi pansi, ndiye maondo amakwera m'mwamba ndipo ntchafu sizikhudza mpando. Ine ndikufuna kuti kuchokera popondapo kufika pamwamba pa pokhalira pakhale masentimita osachepera 33, chotsamira chipendekere kumbuyo madigiri 25 kapena kupyola, ndipo pansi pa mipando yakutsogolo pasiyidwe mpata woti nsapato zilowe. Wokhala pakati akhale ndi lamba wodutsa paphewa ndi chotsamira mutu chake, osati lamba wa m'chiuno yekha. Kenako pokwerera. Galimoto zimenezi n'zazitali, ndipo munthu wovala chitenje kapena siketi yaitali sangatansule miyendo ngati wa thalauza. Chopondera chikhale chotakata choti phazi lonse likhalepo, chokhala ndi mabowo oti matope azigwera pansi, ndipo pa mzati wa pakati pa zitseko pakhale chogwirira chachikulu choimirira. Chogwirira cha kudenga chija wodwala kapena agogo sachifika ali panja. Paja pikapu kumudzi ndi imene imatengera anthu kuchipatala.

Makaniko wa ku Biwi: Mayi, zoona zonsezo, koma taonani mtengo wake. Chotsamira chotalika masentimita 60 mukachichotsa pa madigiri 20 n'kuchiika pa 27, pamwamba pake pamabwerera kumbuyo masentimita pafupifupi 7. Masentimita amenewo achokera kwa maondo a okhalawo kapena ku bodi. Chabwino pa Hilux ndi D-Max n'chakuti batire lili pakati pa zitsulo za chasisi, kunsi kwa kabu, choncho popondapo sipakwera monga mmene pamakwerera pa galimoto zina zamagetsi zimene batire lake ndilo pansi penipeni pa galimoto.

Mlimi wa ku Kasungu: Ku bodi musachotseko ngakhale sentimita imodzi, chonde. Bodi ya double cab ndi mita imodzi ndi theka kale. Amene akufuna kunyamula banja momasuka pali galimoto zawo. Ife alimi atipangire extended cab, yokhala ndi timipando ting'onoting'ono kumbuyo ndi bodi ya mamita pafupifupi 1.8. D-Max EV ku Britain ikugulitsidwa ya mitundu iwiriyi, pamene Hilux yatsopano ku Ulaya anailengeza ya double cab yokha.

Nabanda: Bambo a ku Kasungu, banja lambiri limakwanitsa galimoto imodzi yokha. Imeneyo ndiyo ya kumunda, ya kutchalitchi, ya kusukulu. Mipando yakumbuyo ikakhala yozunza, anthu amasankha kukwera pabodi, ndipo pangozi akufa ndi amenewo. Ndiwonjezere za ana. Zokolekera mpando wa mwana za ISOFIX zizioneka ndi maso, osati zobisika m'kati mwa siponji, ndipo chokolekera lamba wapamwamba chizifikika osachita kugwetsa chotsamira chonse. Pa mapikapu ambiri umayenera kugwetsa chotsamira, kukoleka lamba kuseri, kubweza chotsamira, kenako kukunga lamba uli wosaona. Mapeto ake makolo amangousiya lendee, ndipo galimoto ikaima mwadzidzidzi mutu wa mwana umapita patsogolo kwambiri.

Wamipando wa ku Ndirande: Ndilankhuleko za m'kati mwa mpandomo, poti zimene mukukambazi zimatha chaka chimodzi siponji ikakhala yoipa. Siponji yoyenera ndi youmbidwa, yolemera makilogalamu 50 kapena chapompo pa kiyubiki mita. Ya matilesi otchipa safika ngakhale theka la pamenepo, imaphwa msanga ndipo munthu amayamba kumva chitsulo. Ikhale ya magawo awiri, yolimba pansi, yofewa masentimita awiri pamwamba. Malo amene amayamba kufa ndi phiko lakumanja la mpando wa dalaiva, chifukwa potsika galimoto yaitali munthu amatsetsereka nalo. M'kati mwa phikolo muli kachitsulo kopindika kamene kamadula siponji kuchokera m'kati, nsalu n'kudzang'ambika pambuyo. Opanga akute kachitsuloko ndi nsalu yolimba, ndipo phiko likhale lalifupi. Chopondera chimene a Nabanda akunena chimathandizanso pamenepa, chifukwa woponda bwino satsetsereka. Za chokutira, chikopa cha pulasitiki chakuda ayi. Padzuwa la Okutobala chimawotcha, sichimwa thukuta, ndipo chimasweka m'misoko. Pakati pa mpando pakhale nsalu yolimba yotuwa, m'mbali mokha mukhale chikopa cha pulasitiki, ndipo chokutira chonse chikhale cha zipi kuti chizivulidwa n'kuchapidwa.

Amagetsi: Pa galimoto yamagetsi mipando yokhala ndi mafani ndikuivomereza, ndipo chifukwa chake ndi masamu. Gawani 240 ndi 59.2, mupeza kuti 1 kWh ikukuyendetsani makilomita pafupifupi 4. Eyakoni yolimbana ndi kutentha kwa ku Chikwawa ikhoza kumadya mawati 1,500 mpaka 2,000, ndiye pa maola atatu yamaliza pafupifupi 5 kWh, makilomita 20 apita. Mafani a mu mpando sadya ngakhale mawati 50. Msana ukauma, munthu amalola kuti eyakoni ikhale pa madigiri 25 m'malo mwa 19. Pakhalenso njira youzira galimoto kuti iziziritse m'kati ikadali pa chaja, kuti kutentha koyamba kuchotsedwe ndi magetsi a pakhoma. Ndipo mphepo ifike kumbuyo kudzera m'mabowo akeake, apo ayi dalaiva amaizizitsa mopyola kuti akumbuyo amveko.

Wamipando wa ku Ndirande: Achimwene a magetsi, mafaniwo ali pansi pa mpando pamene fumbi lonse limagona. Timabowo ta chokutira timatsekeka ndi fumbi losakanikirana ndi thukuta, fani imangolira mphepo osadutsa. Akaika, aikenso kasefa kochotseka ndi dzanja. Komanso eni galimoto adziwe kuti ukavindikira mpando wotere ndi kavala ya tenti, mafani atha ntchito. Choopsa kuposa apo ndi eyabagi ya m'mbali mwa chotsamira. Imatulukira pa msoko umene anausoka ndi ulusi wofooka dala. Kavala yosokedwa ndi ulusi wa nayiloni pamalo amenewo imaitsekera, kapena imaipotoza n'kuphulikira kwina. Telala aliyense asiye mbali yakunja ya chotsamira yotseguka.

Wa ku Indiana: Kuno ku America anthu akuyembekezera pikapu yamagetsi ya Scout Terra, imene a Volkswagen akukonza zoti izipangidwa ku South Carolina, ndipo chimene chakopa ambiri ndi mpando wakutsogolo wa benchi woti akhale atatu. Pa galimoto yamagetsi zikutheka chifukwa palibe giyabokosi yotukula pansi pakati. Kwathuko zingathandize: single cab ya anthu atatu, dalaiva ndi anyamata awiri okweza katundu, aliyense m'kati.

Makaniko wa ku Biwi: Benchi ndiivomera pokhapokha wapakati ali ndi lamba wa paphewa, chotsamira mutu, ndi eyabagi yomufika. Mbali ya dalaiva ikhale yodukiza, izisuntha payokha. Ndipo musayembekezere pansi posalala pa Hilux ndi D-Max, poti kabu yake ndi yomwe ija ya dizilo, ndipo kampani sisintha chikombole chifukwa cha galimoto zochepa. Koma pali china chimene mpando sungakonze. Pikapu yopanda katundu imadumpha chifukwa masipuling'i akumbuyo anawapangira tani imodzi. Pa D-Max EV aika dongosolo lotchedwa De Dion: mota ndi difu zamangidwa ku chasisi, matayala awiri alumikizidwa ndi chitsulo chopepuka, ndipo mphamvu ikupita kumatayala kudzera m'mashafuti okhala ndi majoini. Chimene chikudumpha ndi tayala chachepa kulemera, ndiye pamsewu wafumbi wa timabampu totsatizana mashoko amakwanitsa kuligwira. Batire lolemera lomwe lili pansi limathandizanso kuti galimoto ikhazikike. Poyang'anira ndi malabala okuta majoiniwo. Chitsa kapena mwala zikang'amba labala, girisi amatuluka, mchenga umalowa, joini imayamba kugogoda. Aike zotchingira pamenepo.

Nabanda: Nanga nkhani ya mseru? Ana ambiri amasanza mu galimoto zamagetsi.

Amagetsi: Imachokera ku buleki ya mota, mayi. Dalaiva akachotsa phazi, mota imasanduka jenereta n'kugwira galimoto nthawi yomweyo. Iye amadziwa kuti zichitika, akumbuyo sadziwa, ndipo palibe kulira kwa injini kowachenjeza. Mphamvu ya buleki imeneyi izisinthika ndi timahandulo ta kuseri kwa chiwongolero, osati kukaifufuza pa sikirini. Ndi anthu m'kati muichepetse, potsetsereka ndi katundu muikweze. Chenjezo: batire likadzaza 100 peresenti lilibe poika magetsi obwerera, ndiye buleki ya motayi imafooka kapena kuzimiratu. Wotchaja mpaka kudzaza ku Blantyre n'kuyamba kutsika Thabwa ndi simenti adzadalira mabuleki wamba okha pa galimoto yolemera matani atatu. Lekezani pa 85 kapena 90.

Mlimi wa ku Kasungu: Tsopano tibwere kumbuyo. Choyamba ndi mpata wa pakati pa mabondo a matayala m'bodi. Pa mapikapu ambiri ndi mamita pafupifupi 1.1. Mgolo wa malita 200 ndi masentimita 58 m'mimba mwake, iwiri moyandikana ikufuna 117, ndiye sikwana, umodzi umakhalira pa bondo n'kupendekeka. Ford Ranger ya masiku ano ili ndi mamilimita 1,224 pamenepo, ndipo migolo iwiri imakhala bwinobwino. Ndikufuna zimenezo. Koma onaninso kulemera: mgolo wodzaza madzi ndi makilogalamu pafupifupi 220, itatu ndi 660, kuphatikiza dalaiva tapyola kale 715. Chachiwiri ndi kutalika kwa bodi kuchokera pansi. Anyamata amanyamula thumba la feteleza paphewa, ndipo bodi ikapitirira masentimita 85 kapena 90, kutsitsa kumasanduka kuponya, matumba amaphulika. Makampani akukonda kukweza makoma a bodi kuti galimoto izioneka yaukali, koma khoma lofika pachifuwa limatanthauza kuti khasu lomwe lili pakati sungalitole uli panja. Aike chopondera pakona pa bampala, kuseri kwa tayala. Hilux yatsopano achiika, Ranger inali nacho kale.

Wowotcherera: Zokolekera zingwe ndiye vuto lalikulu. Amaika tizitsulo tinayi m'kati, pansi pamakona, ndipo ukangoyala matumba mzere woyamba tabisika. Zofunika ndi zitatu. M'kati pansi mukhale mphete 6 zomangidwa ndi mabawuti odutsa mpaka pa chitsulo cholimba, iliyonse italembedwa mphamvu yake, makilogalamu 400 kapena kupyola. M'mwamba mwa khoma mudutse njanji yokhala ndi zokolekera zosuntha. Ndipo kunja kwa bodi kubwerere ngowe zija zinali pa Hilux zakale, chifukwa mabelo a fodya, makala ndi tenti timamanga ndi chingwe chodutsa pamwamba n'kutsikira kunja. Popanda ngowe anthu amakoleka ku masipuling'i kapena ku chilichonse chimene dzanja lapeza kunsi, ndipo kunsi kwa galimoto yamagetsi kuli mapaipi a madzi oziziritsa batire ndi mawaya a olenji.

Amagetsi: Pamenepo ndiimepo, chifukwa pangafe munthu. Waya wa olenji ndi wa magetsi a mavoti mazana angapo, ndipo si wokhudza. Kuno pikapu ikangofika timaipititsa kukaikitsa zitsulo za ng'ombe, choikapo makwerero, thanki, ndipo ntchito yonse ndi dirilo ndi kuwotcherera. Pa yamagetsi, dirilo yodutsa pansi pa bodi ikhoza kupeza waya wopita ku mota yakumbuyo. Kuwotcherera nako, magetsi a makina akayenda mtunda wautali m'chasisi kufunafuna kilampu, amawotcha makompyuta a galimoto. Opanga atisiyire mabowo okonzeratu okhala ndi mazinga, olowa mabawuti a saizi ya M8 kapena M10, m'mwamba mwa makoma ndi pansi pa bodi, ndi chithunzi chomata m'bodi chosonyeza pamene sipayenera kubooledwa.

Wowotcherera: Ndi mmene ziyenera kukhalira. Felemu iyezedwe pagalimoto, iwotcheredwe pansi kutali nayo, ipentedwe, kenako ikwezedwe n'kumangidwa ndi mabawuti. Paipi ya mamilimita 40 yokhuthala 2 ndi yokwanira, yokhuthala 3 ikungodya katundu. Ngati bodi ndi ya aluminiyamu, pakati pa felemu ndi bodi pakhale labala, apo ayi zitsulo ziwirizi zikanyowa zimadyana, aluminiyamu imayamba kutuluka ufa woyera kuzungulira bawuti.

Dalaiva wa M1: Nanga malata ndi matabwa? Lata la mafiti 10 ndi mamita atatu. Pa bodi ya 1.5, ngakhale utatsitsa chitseko chakumbuyo wafika mamita awiri okha, mita yathunthu ili lende.

Wa ku Indiana: Pali njira ziwiri zimene ndingatchule. Chevrolet Silverado EV ili ndi khoma la pakati pa kabu ndi bodi lotseguka, ukagwetsa mipando yakumbuyo katundu amalowa m'kati ndipo malo amapyola mamita atatu. Maxus eTerron 9 ili ndi chofanana nacho, chofika mamita 2.4. Njira yachiwiri ndi yophweka, ya pa Ford Maverick: chitseko chakumbuyo chimaima pakatikati, mlomo wake n'kulingana ndi pamwamba pa mabondo a matayala, ndiye pulayiwudi ya mamilimita 2,440 kwa 1,220 imagona chosalala pamwamba pa zonse zitatu.

Makaniko wa ku Biwi: Yachiwiriyo aike mawa lomwe, ndi zingwe ziwiri ndi tizitsulo tiwiri basi. Yoyambayo ayi. Pikapu ya chasisi ili ndi kabu payokha ndi bodi payokha, ndipo ziwirizi zimapotokana galimoto ikadutsa pa chigwembe. Kuti khoma litseguke ziyenera kukhala chinthu chimodzi. Kuwonjezera apo, kuseri kwa kabu ndi kumene mphepo imazungulira n'kukoka fumbi, ndiye labala wa khomalo akangotopa, fumbi la msewu wonse lili m'khosi mwa akumbuyo. Ndipo lata lomwe laloza m'kabu, buleki yadzidzidzi ikagwira, palibe chomuteteza dalaiva. Malata akwere pa felemu, kutsogolo pa chitsulo cha kuseri kwa kabu, kumbuyo pa chitsulo chochotseka, amangidwe ndi malamba awiri okunga, matabwa awiri pansi pake kuti asapindike, ndi kansalu kofiira kumapeto. Kungoti katundu wa pamwamba amatchinga mphepo, ndiye makilomita mwauzidwa aja muwadule ndithu, ndipo muyende pa 80.

Nabanda: Pa chitseko chakumbuyo pomwepo pali nkhani ya maliro. Bokosi la munthu wamkulu ndi mamita pafupifupi awiri, ndiye pa double cab limayenda chitseko chili chotsitsa. Chitsekocho chikhale cholembedwa kulemera kumene chingasenze galimoto ikuyenda, chikhale ndi mphete zake zomangira, ndipo kamera yobwerera m'mbuyo isakhale pa chitseko pokha, chifukwa chikatsitsidwa imangoonetsa phula. Ina ikhale pamwamba pa kabu. Timasensa tija tolira pobwerera m'mbuyo tizizimitsika ndi batani limodzi.

Wa ku Joni: Za m'kati mwa bodi, kuno ambiri amapopera labala m'malo moika beseni la pulasitiki, ndipo akulondola. Beseni limasuntha pang'onopang'ono, mchenga wolowa kunsi kwake umapala penti, madzi amakhala pamenepo osauma. Onjezani fumbi la urea kapena CAN, limene limakoka chinyezi, ndiye dzimbiri limaboola bodi mwiniwake osaona. Labala wopopera akhale wa mamilimita 3 mpaka 5, pamwamba pake pokhakhala kuti migolo isatsetsereke, ndipo opopera asatseke mabowo otulutsira madzi a kumakona akutsogolo. Pa yamagetsi mabowo amenewo akhale ndi timapaipi totaya madzi kunja kwa chasisi. Madzi a feteleza asadonthere pa zolumikizira mawaya.

Mlimi wa ku Kasungu: Masoketi a m'bodi ndiwo andikopa kwambiri. Pampu kudimba, makina okonolera chimanga ang'onoang'ono, magetsi a m'shedi. Atipatse angati?

Amagetsi: Kuchuluka kwa masoketi si nkhani, bambo, nkhani ndi mphamvu ya inveta ili kuseri kwake, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13 A, pa mavoti 230 ndi mawati pafupifupi 3,000. Inveta yochepera pamenepo ndi ya laputopu ndi firiji. Pikapu yamagetsi ya Ford F-150 Lightning inafika pa 9.6 kW, omwe ndi mawati 9,600. Ine ndingapemphe 6 kW: masoketi awiri wamba ndi imodzi ya buluu ya mafakitale. Musanyengedwe ndi nambala yolembedwa pa mota. Pampu ya hachipawa imodzi ndi mawati 750, koma podzuka imakoka kasanu kapena kupyola kwa kanthawi, ndipo inveta yopanda mphamvu yapadera ya podzukira imangodzizimitsa. Makina owotcherera ang'onoang'ono a inveta nawo amafuna 4 kapena 5 kW pa ndodo yowotcherera ya mamilimita 3.2. Masoketi akhale m'mwamba pa khoma, pafupi ndi chitseko, ndi zivindikiro zotseka madzi ngakhale pulagi ili m'kati, komanso chodulira magetsi munthu akagwidwa. Ndipo pakhale malire oika wekha, kuti batire likafika pa 30 peresenti masoketi azime. Mawati 3,000 kwa maola anayi ndi 12 kWh, makilomita pafupifupi 50 a ulendo wobwerera. Chomaliza, magetsi a ESCOM akathima musalumikize galimoto ku nyumba ndi waya wa mapulagi mbali zonse. Magetsi amabwerera pa mawaya a mumsewu n'kugwira amene akukonza pa pholo. Pamafunika switchi yosinthira yoikidwa ndi wamagetsi wovomerezeka.

Dalaiva wa M1: Tayala la sipeya lisaiwalike. Likhale lathunthu lofanana ndi enawo, ndipo lizitsika ndi tcheni kunsi monga mwa nthawi zonse.

Wa ku Indiana: Pamenepo pikapu yamagetsi ya Rivian R1T inalakwitsa kwa munthu wantchito. Sipeya yake ili m'dzenje pansi pa bodi, chivindikiro chake chili m'bodimo, ndiye tayala likaphwa uyenera kutsitsa katundu kaye. Koma ili ndi chinthu chabwino, mphanga yodutsa m'mbali mpaka m'mbali pakati pa kabu ndi bodi, ya malita opyola 300, yokiyika. F-150 Lightning ili ndi malo a malita 400 pansi pa boneti, osenza makilogalamu 180.

Makaniko wa ku Biwi: Malita 400 pa galimoto zochokera ku dizilo sangapezeke, chifukwa malo a injini amadzaza ndi mota yakutsogolo, inveta, chaja ndi mapaipi. Koma bokosi la malita 50 kapena 60 lingatheke, lokwana waya wotchajira, jeke, sipanala ndi malamba. Waya wotchajira usamakhale pabodi, amakuba, ndipo mano ake akalowa matope amatentha potchaja. Jekeyo ikhale ya matani atatu, ndipo pojekera pakhale popakidwa utoto wowala, chifukwa mnyamata wa matayala akaika jeke pa chikuto cha batire, chikutocho chimafwamphuka ndipo kukonza kwake n'kodula koopsa. Ndingakondenso sikelo ya m'galimoto, monga Ford inaika pa F-150, yoonetsa katundu amene wakwera. Ndi timasensa toyeza mmene masipuling'i atsikira. Pa galimoto imene malire ake ndi 715, kuyeza ndi maso n'kosakwanira. Zolemera zikhale kutsogolo kwa bodi, pakati pa kabu ndi matayala. Zikakhala kuseri kwa matayala zimatukula kutsogolo, chiwongolero chimapepuka, ndipo tayala lakumbuyo limatentha mpaka kuphulika.

Mlimi wa ku Kasungu: Telela ikakhalapo masamu aja asintha bwanji?

Makaniko wa ku Biwi: Mutu wa telela umatsamira pa galimoto ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake. Ya 1,600 ikuika 160 pa chokokera, ndipo 160 imeneyo ichotsedwe pa 715. Mtunda nawo ukhoza kutsika kufika theka telela ikakhala yaitali ndi yolemera, ndiye ulendo wa Lilongwe kupita ku Salima, makilomita pafupifupi 100, ukufuna potchajira mukafika. Pachifukwa chimenechi pobayira chaja pakhale kutsogolo, pa fenda pafupi ndi chitseko. Pakakhala kumbuyo, waya wa chaja sufika pokhapokha mumasule telela, kapena mutsitse malata amene atulukira kumbuyo. Kachitseko kake kakhale ndi labala wozungulira ndi chivindikiro chachiwiri m'kati, ndipo kazitseguka ndi dzanja, chifukwa kamota kakang'ono kotsegulira sikachedwa kugwidwa ndi matope ouma.